NANG'OMBA NDI NDELEMA: ANA A NKHALANGO IMODZI

Ife amene tidakulira kumudzi tikukumbukira bwino lomwe m'mene dzinja linkayambira. Mvula ikagwa masiku angapo motsatizana m'mwezi wa Disembala, nthaka ndi kufewa, m'bandakucha tinkadzuka ndi mau akuya ochokera kuthengo, mau onga a ng'oma yaikulu yoombedwa kutsidya kwa dambo. Akuluakulu ankangoti anang'omba ayamba, mvula yakhazikika. Kukangoyera, amai ndi alongo athu ankanyamula madengu kulowera m'nkhalango ya miombo, ndipo dzuwa lisanafike pamutu ankabwera atasenza ndelema woyera mbee, wina wotambasuka ngati mbale, wina akadali wobulungira ngati dzira. Tsiku limenelo mwana sankafuna kumnyengerera kuti adye nsima.

Masiku apitawa tidajambula nang'omba pa bolodi ndi kufunsa ana a sukulu kuti atiuze dzina la mbalameyo. Ena adati ndi nkhukundembo, ena adati ndi khwangwala wonenepa, koma padalibe ndi mmodzi yemwe amene adaionapo kapena kumva kulira kwake. Ndelema adamdziwa onse, koma titafunsa kumene amamera, adatiyankha kuti m'beseni, m'mbali mwa msewu. Tidaseka nao anawo, koma pobwerera kunyumba tidali ndi chisoni, pakuti kusadziwa kwaoko mlandu wake suli pa iwo.

Nchifukwa chake mwezi uno tafuna kuti makolo ndi achinyamata tiyang'ane pamodzi zolengedwa ziwirizi. Chimodzi chili ndi mapiko, chinzake chilibe ngakhale mwendo woyendera. Tiziyerekeza pa zinthu zitatu: mtundu wake wa chilichonse, malo amene chimakhala, ndiponso zimene zikufunika kuti chisathe.

KUTCHULA MAINA NDI NTCHITO YAKALE

Pa Genesis 2:19-20 timawerenga kuti ntchito ina yoyamba imene munthu adagwira idali yotchula maina a nyama ndi mbalame. Pa 1 Mafumu 4:33 timamvanso kuti nzeru za Solomo zidafika pa mitengo, nyama, mbalame, zokwawa ndi nsomba. Motero mwana wophunzira za chilengedwe asaganize kuti watuluka m'bwalo la Mau a Mulungu.

Kasanjidwe ka maina kamene akatswiri a sayansi amatsata lero kadakhazikitsidwa ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden, mwana wa mbusa wa mpingo, amene adabadwa m'chaka cha 1707. Iye adapatsa zomera maina awiriawiri m'chaka cha 1753, ndipo nyama adazichita chimodzimodzi mu 1758. Dzina loyamba lili ngati mfunda, monga timati Phiri, Banda kapena Mwale; lachiwiri ndilo la mtundu weniweniwo. Mifunda yofanana amaisonkhanitsa m'banja limodzi, mabanja m'magulu okulirapo, kufikira pa gulu lalikulu kwambiri limene amalitcha ufumu. Ife a Chipresbiterio sitingavutike kumvetsa zimenezi, pakuti Mkhristu ali mu mpingo wake, mpingowo uli m'Presbiterio, ndipo Presbiterio ili mu Sinodi.

NANG'OMBA NDANI?

Nang'omba ali mu ufumu wa nyama, m'gulu la zamsana, pakati pa mbalame. Dzina lake la sayansi ndi Bucorvus leadbeateri. Adamlemba koyamba m'mabuku a sayansi ndi Nicholas Vigors m'chaka cha 1825, ndipo dzina lachiwirilo ndi lokumbukira Benjamin Leadbeater wa ku London, amene ntchito yake idali yokonza ndi kugulitsa zikopa za mbalame. Mfunda wa Bucorvus uli ndi mitundu iwiri yokha pa dziko lonse lapansi, ndipo yonse ndi ya muno mu Afrika. Wathuyu amapezeka kuyambira ku Kenya kutsika mpaka ku South Africa, ndi kuzambwe mpaka ku Angola. Mbale wake, Bucorvus abyssinicus, amakhala chakumpoto, kuyambira ku Senegal mpaka ku Ethiopia.

Kwa amene sadamuonepo: ndi mbalame yakuda bii, yotalika mita imodzi kapena kupitirira pang'ono kuyambira kumlomo mpaka kumchira, yolemera makilogalamu 3 kufikira 6. Nthenga za kunsonga kwa mapiko nzoyera, koma zimaoneka pokhapokha ikauluka. Nkhope ndi khosi nzopanda nthenga, zofiira psuu. Wamkazi amadziwika ndi banga lobiriwira modera pakhosi, pamene wamwamuna ndi wofiira yekhayekha. Ana ake nkhope zao zimakhala zotuwa chachikasu, ndipo zimatenga zaka kuti zifiire. Ali ndi nsidze zazitali zotchinjiriza maso ku fumbi ndi dzuwa.

Kulira kwake kumamveka pa mtunda wa makilomita atatu kukakhala bata, ndipo wamwamuna ndi wamkazi amalandizana. Azulu a ku South Africa amati wamkazi amakhala akuopseza kuti akubwerera kwao, wamwamuna ndi kumuyankha kuti apite, adayamba kale kunena zimenezo. Tikuganiza kuti pamenepa anzathuwo adangoinamizira mbalameyi, pakuti anang'omba akatengana amakhalira limodzi zaka zambirimbiri.

NANGA NDELEMA NDANI?

Apa mpamene ambiri timaphonya. Ife kusukulu tidaphunzitsidwa kuti zamoyo zili m'magulu awiri, nyama ndi zomera, ndipo bowa tinkamuika pa zomera chifukwa amatuluka m'nthaka. Linnaeus yemwe adatero. Koma chomera chimadzipangira chakudya ndi kuwala kwa dzuwa m'masamba ake obiriwira, chinthu chimene bowa sangathe. Bowa amadya zopangidwa kale ndi zamoyo zina, monga momwe nyama zichitira. Ndiponso thupi lake lidalimbitsidwa ndi chinthu chotchedwa chitin, chomwecho chimene chimaumitsa khungu la ziwala, ngumbi ndi nkhanu. Pa zifukwa zotere, m'chaka cha 1969 katswiri wa ku America, Robert Whittaker, adapatsa bowa ufumu wakewake, pamodzi ndi nkhungu ya pa chimanga chovunda ndi yisiti wotupitsa buledi. Pambuyo pake, poyesa za m'kati mwa maselo, akatswiri adapeza kuti bowa ali pa chibale chapafupi ndi nyama kuposa ndi zomera.

Chokondweretsa nchakuti amai athu adaziona kale zimenezi pa mphika. Brian Morris, Mngelezi amene adakhala zaka zambiri m'Malawi ndipo adalemba buku la bowa wa m'dziko muno lotuluka mu 1987, adaona kuti anthu akumudzi amamuyesa bowa wofanana ndi nyama koposa ndi masamba, kuti bowa wosadyedwa ambiri amangomutcha chirombo, ndi kuti odziwa maina a bowa kwenikweni ndi amai. Mau a akulu akoma akagonera.

Ndelema, amene ena amati utenga, ali m'banja la Amanitaceae, mfunda wa Amanita. Katswiri wa ku Belgium, Maurice Beeli, adamutcha Amanita loosii mu 1936 poona bowa wochokera ku Congo. Mu 1980 David Pegler ndi Graham Piearce adalemba za bowa wa ku Zambia namutcha Amanita zambiana. Lero akatswiri ambiri amavomereza kuti ndi bowa mmodzi yemweyo, ndipo mwa lamulo lao dzina loyamba kubadwa ndilo limalowa ufumu. Abemba amati tente, Ashona amati nhedzi, ndipo ku Zambia amamtchanso bowa wa Khirisimasi chifukwa cha nyengo imene amamera.

Chimene timazula ndi kuika m'dengu si thupi lonse la ndelema ayi. Thupi lake lenileni ndi timaulusi toyera, topyapyala kuposa tsitsi, timene timayanza m'nthaka chaka chonse. Chimene timadya chili ngati chipatso chake. Chimayamba ngati dzira, ndipo dziralo likang'ambika pamatuluka tsinde losenza chisoti choyera, choderako pakati, choterera chikanyowa. Chotsala cha dzira chija chimakhala ngati kathumba kunsi kwa tsinde, ndipo chapamwamba pa tsindelo pamalendewera kansalu. Pansi pa chisoti pali timizere toyera, ndipo m'menemo ndimo mumachokera mbeu zake, zazing'ono ngati fumbi. Achinyamata yesani ichi: dulani chisoti cha ndelema wotambasuka, chivundikireni pa pepala lakuda, vindikirani ndi mbale usiku wonse. M'mawa mudzapeza chithunzi choyera cha timizere tija. Fumbi loyeralo ndizo mbeu.

MFUNDA UMODZI, MTIMA WOSIYANA

Pano tiime pang'ono, chifukwa nkhani ya mifundayi ikukhudza moyo wa banja. Mu mfunda womwewu wa Amanita muli bowa amene wapha anthu ambiri koposa bowa wina aliyense pa dziko lapansi, Amanita phalloides. Kwao nku Ulaya, koma adafika kumwera kwa Afrika pamodzi ndi mitengo yachilendo, ndipo amapezeka m'maiko monga South Africa ndi Zimbabwe. Nayenso amatuluka m'dzira, ali ndi kathumba kunsi, kansalu pa tsinde ndi timizere toyera. Chisoti chake chimakhala chobiriwira motuwa, koma nthawi zina chimayera ndithu. Muli winanso wofiira wa timadontho toyera, Amanita muscaria, womera pansi pa mitengo ya paini, wokongola m'maso koma woledzeretsa ndi wodwalitsa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kuopsa kwa Amanita phalloides nkwakuti ululu wake suoneka msanga. Munthu amadya, nkugona bwinobwino, ndipo pakapita maola 6 mpaka 24 mpamene amayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba. Kenaka amaoneka ngati wachira, abale ndi kumasuka mtima, pamene chiwindi chikuonongeka m'kati. Kuphika sikuchotsa ululuwo, kufutsa ndi kuyanika sikuuchotsanso. Tisanyengedwe ndi mau akuti bowa wodyedwa ndi nkhono kapena mphutsi ndiye kuti ngwabwino. Thupi la nkhono si thupi la munthu.

Tsono malangizo ndi awa. Mwana asazule bowa yekha asanayende kambiri ndi munthu wamkulu womdziwa. Bowa wonga ndelema womera pansi pa paini kapena mitengo ina yachilendo asiyidwe pomwepo. Banja losamukira dera lachilendo lifunse eni dera, pakuti safunsa adadya phula. Ndipo wina akadwala atadya bowa, onse amene adadya nao apite kuchipatala nthawi yomweyo, atatenga wotsala, osadikira kuti aone m'mene kuchere.

KUMENE AMAKHALA

Nkhalango ya miombo ndiyo mudzi wa onse awiri kuno kwathu. Nkhalango ya mtundu umenewu imakuta malo okwana masikweya kilomita pafupifupi 2.7 miliyoni m'maiko a Angola, Congo, Zambia, Zimbabwe, Malawi, Mozambique ndi Tanzania. Mitengo yake ndi mombo, tsamba, mchenga ndi msuku, ndipo timaidziwa ndi masamba ofiira amene imaphuka m'miyezi ya Sepitembala ndi Okutobala mvula isanagwe.

Ndelema amakhala pansi pa nkhalangoyi. Timaulusi take timakulunga nsonga za mizu ya miombo ngati chala m'nsalu, ndipo pamenepo pamachitika msinthano. Nthaka ya miombo njosauka, ndipo timaulusito timafika m'timing'alu m'mene muzu sungalowe, ndi kutengera mtengo madzi ndi michere yonga imene ife timagula m'thumba la feteleza. Mtengo nawo umabwezera shuga wopangidwa m'masamba ake. Ubale umenewu adaufotokoza ndi kuutcha dzina lakuti mycorrhiza ndi katswiri wa ku Germany, Albert Frank, m'chaka cha 1885. Manyame ndi chipindi amakhalanso motero ndi mitengo. Utale ndi nyonzwe njira yao ndi ina: iwo amalimidwa ndi chiswe m'kati mwa chulu.

Apa tikuona chifukwa chake palibe mlimi amene amalima ndelema m'nyumba monga alimira bowa wa oyisitara pa zinyalala za chimanga. Bowa wa oyisitara amadya zakufa, koma ndelema amafuna muzu wamoyo wa mtengo wachilengedwe. Tikadula miombo ndi kubzala bulugamu kapena paini tidzapeza milimo ndi matabwa, koma tisayembekeze kudzazulamo ndelema.

Nang'omba amakhala pamwamba pa nthaka yomweyo. Amakonda thengo la mitengo yapatalipatali ndi udzu waufupi, kumene angathe kuyenda ndi kuona pansi. Amayenda m'timagulu ta mbalame ziwiri mpaka zisanu ndi zinai, nthawi zina kuposerapo, ndipo amatha tsiku lonse akuyenda pang'onopang'ono ngati akuluakulu oyendera munda. Amadya ziwala, nkhono, achule, abuluzi, mbewa, akamba, ngakhale njoka zaululu, zimene amazipha mothandizana. Kuuluka amauluka pothawa mdani ndiponso madzulo pokwera mumtengo kukagona. Gulu lililonse lili ndi dera lake lalikulu. Ku South Africa gulu limodzi limafuna masikweya kilomita 100 kapena kuposa.

Chofunika koposa kwa iye ndi mphako yaikulu mu mtengo wakale, kapena phanga pa thanthwe. Mbalame yaikulu chotere singakwane m'mphako ya mtengo wa zaka khumi. Pamafunika mtengo umene udamera agogo athu asanabadwe, monga mlambe, mkuyu kapena mombo wokalamba. Tsono taonani: ndelema akufuna mizu ya mtengo, nang'omba akufuna thunthu lake. Nkhwangwa imodzi imasamutsa onse awiri.

KUSWANA KWAO

Pa kaberekedwe mpamene awiriwa asiyana kutalitali. Chisoti chimodzi cha bowa chimamwaza mbeu mamiliyoni ambiri, ndipo timaulusi ta m'nthaka timabala chaka ndi chaka mitengo ikakhala ilipo. Nang'omba ndi mmodzi wa mbalame zoswana mochedwa koposa. M'gulu lonse amaswa ndi awiri okha, wamkazi ndi wamwamuna wamkulu. Otsalawo, amene kawirikawiri amakhala ana aamuna a zaka zam'mbuyo, ntchito yao ndi kutuma: kubweretsa masamba oyala m'chisa, kusaka chakudya ndi kulondera dera.

Wamkazi amaikira kumayambiriro kwa mvula, kawirikawiri mazira awiri, lachiwiri patapita masiku angapo. Amafungatira masiku ngati 40, akudyetsedwa ndi gulu. Abale ake ang'onoang'ono a milomo yaikulu amamatira wamkazi m'mphako ndi dothi, koma nang'omba satero. Ana akaswa, woyamba amakhala atakula kale, ndipo wachiwiri amafa ndi njala pasanathe masiku ambiri. Iye adali chabe wodikirira ngati dzira loyamba likadasukusa. Wotsalayo amakhala m'chisa pafupifupi miyezi itatu, ndipo akatuluka amadyetsedwabe mpaka chaka kapena kupitirira. Amakhwima pa zaka 4 kufikira 6, koma ambiri amadikira zaka zinanso asanapeze mpata woswa. Ku South Africa akatswiri adawerengera kuti gulu limodzi limakuza mwana mmodzi pa zaka pafupifupi 9. Chimene chimapulumutsa mtunduwu ndi moyo wautali, pakuti nang'omba atha kukhala zaka 50 kapena kuposa.

Mnyamata wa legeni kapena msampha aganizire zimenezi. Kupha njiwa ndi kupha nang'omba si chinthu chimodzi. Wopha nang'omba mmodzi wamkulu wafafaniza ntchito ya gulu lonse ya zaka pafupifupi khumi.

KODI ALI PANGOZI YOTANI?

Bungwe la IUCN, limene lidakhazikitsidwa mu 1948, limasunga mndandanda wa zamoyo za dziko lonse monga mwa ngozi imene zilimo. Kuyambira m'chaka cha 2010 nang'omba ali pa sitepe yoyamba mwa masitepe atatu a zamoyo zimene zingathe kutheratu. Ku South Africa adasowa kale m'madera oposa theka la kumene ankapezeka. Kuno kwathu munthu wofuna kumuona amayenera kupita kumalo otetezedwa monga Kasungu, Liwonde kapena Vwaza, pamene kale ankayenda kuseri kwa minda.

Zomupha nzambiri. Mitengo ya mphako ikudulidwa, thengo likusanduka minda. Amafa akadya nyama yothiridwa mankhwala yotcherera agalu olusa kapena zilombo zina. Amafa pa mawaya ndi pa mabokosi a magetsi. Ena amamupha pofuna ziwalo zake ku zamankhwala ndi zamatsenga, chinthu chimene Mkhristu sayenera kuchita nacho mbali. Ndipo pali china chomvetsa chisoni: akaona chithunzi chake pa galasi la zenera amayesa mdani wolowa m'dera lake, ndi kuliswa ndi mlomo, eni nyumba nkumupha pokwiya. Komatu waya wa sefa kapena penti pa zenera zikadatha mlanduwo. Ku South Africa, bungwe la Mabula Ground Hornbill Project, limene lidayamba mu 1999, limatenga mwana wachiwiri uja asanafe, kumlera ndi kumbwezera kuthengo, ndiponso limapachika zisa zopanga kumene mitengo ya mphako idatha.

Za bowa nkhani yake ndi ina. Mitundu yonse ya mbalame, yokwana ngati 11,000, idaunikidwa kale pa mndandanda uja. Koma mwa mitundu ya bowa pafupifupi 155,000 yodziwika, imene idali itaunikidwa pofika mwezi wa Malichi 2025 idali 1,300 yokha, ndipo mwa imeneyo 411 idapezeka kuti ili pangozi. Mbalame imalira, imaoneka, ndipo ikasowa anthu amafunsa. Bowa amatha mwakachetechete pansi pa nthaka. Ndelema akadali kupezeka m'misika m'dzinja, koma funsani amai ogulitsawo mtunda umene amayenda lero poyerekeza ndi umene ankayenda amai ao.

Ena amati bowa akutha chifukwa chozulidwa kwambiri. Kafukufuku wa zaka pafupifupi 30 wa ku Switzerland, amene adafalitsidwa mu 2006, adaonetsa kuti kuzula kapena kudula bowa sikuchepetsa zokolola za zaka zotsatira, monga kutchola mango sikupha mtengo wa mango, ngakhale kupondaponda nthaka kumachepetsa bowa wotuluka. Choncho mai wa dengu si ndiye mdani wa ndelema. Mdani ndi uvuni wa makala ndi moto wolusa wa m'chilimwe.

Malamulo alipo. Lamulo la nkhalango la 1997 lidakhwimitsidwa mu 2020, ndipo la nyama zakuthengo la 1992 lidakhwimitsidwa mu 2017. M'chaka cha 2015 boma lidafika potumiza asilikali kukalondera nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe. Koma mabanja oposa 9 mwa 10 alionse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo msilikali sangaime pa mtengo uliwonse.

NANGA IFE TICHITENJI?

Tisafulumire kuloza chala munthu wokankha njinga ya makala. Kawirikawiri ndi mbale wathu wa mu mpingo, amene akufuna fizi ya mwana ndi ndalama ya chimanga, ndipo thumba lakelo limathera pa mbaula ya ife aphunzitsi, akulu a mpingo ndi ogwira ntchito m'tauni. Mlanduwu tili nawo tonse. Koma tiyeni tiwerengere pamodzi: mtengo wootchedwa makala umagulitsidwa kamodzi kokha, pamene mtengo woimirira umapatsa banja bowa, masuku, uchi, mphalabungu, luzi ndi nkhuni za nthambi zouma chaka ndi chaka. Bowa wofutsa wosungidwa m'chikwatu ndi ndiwo ya mwezi wa Okutobala, pamene dimba lauma.

Chotilimbitsa mtima nchakuti miombo siifa msanga. Chitsa chake chimaphukira, mizu yake imatulutsa mphukira, ndipo malo ongosiyidwa osadulidwa, osatenthedwa ndi osadyetsedwa mbuzi amabwerera kukhala nkhalango popanda kugula mbande ndi imodzi yomwe. Umboni uli pafupi: m'midzi yambiri mitengo yachilengedwe yatsala kumanda kokha. Kumeneko kulibe mlonda kapena mpanda, koma mudzi wonse udagwirizana kuti nkhwangwa isafikeko. Chimene tatha kuchitira akufa, tingalephere bwanji kuchitira ana athu amoyo?

Kwa makolo tikuti: siyani mitengo ikuluikulu m'munda ndi m'mbali mwa mtsinje, makamaka ya mphako, ngakhale ioneke yokalamba ndi yopanda ntchito. Gwiritsani ntchito mbaula zosatha nkhuni monga chitetezo mbaula. Bzalani mitengo yokula msanga ya nkhuni ndi milimo pafupi ndi nyumba, kuti nkhalango yachilengedwe ipume. Thandizani mfumu ndi komiti yosamala nkhalango ya m'mudzi. Amai, tengani ana anu, aakazi ndi aamuna omwe, popita kokazula bowa, ndipo muwauze dzina la bowa aliyense ndi mtengo umene amamerapo. Nzeru imeneyi ili m'mitu yanu, ndipo mukapita nayo kumanda sidzabweranso.

Kwa achinyamata tikuti: lekani kutentha tchire pofuna mbewa. Lambulani njira zotchinga moto kuzungulira nkhalango ya sukulu ndi ya mpingo. Dziko lathu lidayamba tsiku lobzala mitengo pa 21 Januwale 1976, ndipo tsopano pali nyengo yathunthu kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. M'nyengo imeneyi musangobzala chabe, koma samalaninso zitsa zophukira. Mukaona anang'omba, aonereni patali, lembani tsiku, malo ndi chiwerengero chao, ndipo mudziwitse alangizi a za nkhalango kapena a za nyama zakuthengo.

Kwa mabwalo a mipingo tikufunsa: kodi pa malo a mpingo wathu sipangapezeke kachigawo kosiyira mitengo yachilengedwe?

Pa Genesis 2:15 munthu adaikidwa m'munda ndi ntchito ziwiri, kuulima ndi kuusunga. Yoyambayo taigwira mwamphamvu, yachiwiri taiiwala. Pa Deuteronomo 22:6-7 Aisraele adalamulidwa kuti akapeza chisa asatenge make pamodzi ndi ana, ndipo lamulo laling'onolo lidapatsidwa lonjezo la masiku ambiri, longa la lamulo lolemekeza atate ndi amai. Mulungu salola kuti tidye lero ndi kutseka chitseko cha mawa. Ndipo Ambuye Yesu pa Mateyu 10:29 adatiphunzitsa kuti ngakhale mpheta yotsika mtengo pamsika siigwa pansi Atate osadziwa. Ngati Mwini wake amawerengera mpheta, ife akapitao ake tidzayankha chiyani za nang'omba?

Mvula ikadzagwa chaka chino, tiyeni tidzuke m'mamawa ndi ana athu, tipite kumene kwatsala miombo, tikawaonetse ndelema akutuluka m'dzira lake. Kapena sitikamva ng'oma ija ya m'bandakucha. Koma tikasunga mitengo imene ilipo, ndi kulola yaing'ono kuti ikalambe, adzukulu athu angadzaimve. Ambuye atipatse mtima wosamala zimene adatisungitsa.